Kuchoka pamtondo kufika kuseri kwa golo: mmene nyimbo ya kuchigwa imamangidwira

Pabwalo la fumbi la sukulu iliyonse pakati pa Dyeratu ndi Marka, m'chigwa cha Shire, nyimbo imayamba osewera asanatuluke n'komwe pansi pa mtengo pomwe akuvalira. Mnyamata wina wapanira chigubu cha malita 20 pakati pa miyendo, wina ali ndi ng'oma ya chikopa cha mbuzi, atsikana angapo akuomba m'manja. Mmodzi akuponya mawu, gulu likulandira. Mpira ukamafika pakati, khamu lonse likuimba chinthu chimene dzulo kunalibe, ndipo palibe amene anachilemba papepala.

Ambiri amayesa nyimbo zotere zimangobwera ngati kamvulumvulu. Zili ndi kamangidwe kake, ndipo kamangidweko n'kakale kuposa mpira: n'komwe kali m'nyimbo ya pamtondo, ya m'bwato ndi ya pamaliro pamene valimba, chida choimbira chonga marimba, ikulira mpaka tambala woyamba. Kuno thupi ndilo limaika muyeso, mawu amabwera pambuyo kudzakhala m'mipata imene thupi lawasiyira. Wopeka amene amayambira pacholembera ndiye amadabwa kuona nyimbo yake yokoma ikufera m'kamwa mwa anthu.

Muyeso wa munsi, nkhafi ndi phazi

Onani amayi awiri akusinja mapira mumtondo umodzi. Munsi wa uyu ukamatsika, wa mnzake ukukwera. Wina akachedwa pang'ono minsi imawombana, choncho nyimbo pamenepa ikugwira ntchito ya wotchi. Mpweya umatuluka wokha munsi ukamagwa, ndiye phatikizo lolemera la mzere limagwera pomwepo. Mzere umatenga kugunda kunayi, kenako mnzake amalandira kuti woyambayo akoke mpweya. Akabwera wachitatu, kugunda kumayamba kuyenda patatupatatu ndipo mawu omwewo amafunika kuwatambasula kapena kuwapanikiza kuti akwane. Kulandizanaku sikunabwere chifukwa chokometsera nyimbo, ndi chifuwa cha munthu chimene sichingathe kusinja ndi kuimba osapuma.

M'bwato, kaya ndi ku Elephant Marsh, kudambo la Ndindi kapena powolotsa anthu kupita ku Makhanga, muyeso ndi wautali. Nkhafi imalowa, imakoka, imatuluka, imabwerera kutsogolo. Nyimbo yake imakhala ndi mawu okokeka komanso mpata waukulu pakati pa mizere. Muitenge nyimbo imeneyi muiike pamtondo, minsi imaisiya m'mbuyo.

Kuseri kwa golo wolamula ndi phazi. Ochemerera amadumpha pamalo amodzi kapena kuthamanga pang'onopang'ono m'mbali mwa bwalo, ndipo kugunda kwa ng'oma kuyenera kugwa limodzi ndi phazilo. Apa nyengo ya kuchigwa imalowererapo. Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu kapena ku Nsanje kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo mpira ndi mphindi 90. Nyimbo yothamanga kwambiri imautsa anthu, koma pakangotha mphindi ziwiri kukhosi kwauma, aliyense akusaka wogulitsa madzi. Gulu lodziwa ntchito limakhala ndi nyimbo za mitundu iwiri: zoyenda mofatsa zosunga moto mpira uli pakati, ndi zazifupi zothamanga zimene limazisungira kona, penate ndi chigoli.

Chuni nthawi zambiri ndi chobwereka. Chimachokera kukwaya, kuukwati, kuchinamwali, kumsonkhano wa ndale. Si ulesi ayi: khamu silingaphunzire chuni chatsopano ndi mawu atsopano nthawi imodzi, maso ali pa mpira. Likadziwa kale chuni, latsala ndi ntchito imodzi. Malire alipo komabe. Nyimbo za pamaliro ndi za nsembe, monga za kukachisi wa Mbona ku Khulubvi, zili ndi eni ake, ndipo wozitengera kubwalo amapezana ndi akuluakulu madzulo ake.

Kuwerenga maphatikizo

Tipeke chitsanzo chathuchathu. Tinene kuti pali kanyimbo ka padoko:

Woyambitsa: Shire wadzaza, bwato lili kuti?
Ovomera: Lili kutsidya, e!

Werengani ndi zala. Shi-re wa-dza-za, asanu. Bwa-to li-li ku-ti, asanu ndi limodzi. Onse pamodzi 11, ndipo chovomera chili ndi 6. Tsopano timu yamwetsa chigoli, wina akufuna kuseka wapagolo wa adani, n'kuponya kuti: "Mpira walowa, goloboyi ali kuti?" Mawu ndi abwino, koma sakwana. Theka lachiwiri lili ndi maphatikizo 8 pamalo pa 6, ndipo loyamba lili ndi 6 osati 5, chifukwa m wa mu "mpira" ndi phatikizo payekha. Anachokera ku "mu", monganso m wa mu "mtondo", "mlamba" ndi "mlonda". Ambiri amamuiwala powerenga, kenako n'kumadabwa kuti ng'oma ikuwasiya bwanji.

Njira zokonzera ndi zitatu. Mukhoza kusaka mawu aafupi. Mukhoza kumeza lembo la liwu pamene awiri akumana, monga timachitira poyankhula. Kapena mukhoza kumung'ung'udza m uja kugunda kusanafike, kuti asadye malo. Nachi chotuluka:

Woyambitsa: Chigoli icho, mlond'ali kuti?
Ovomera: Ali kutsidya, e!

Chi-go-li i-cho, asanu. M-lo-nda-li-ku-ti, asanu ndi limodzi. Chovomera chasintha phatikizo limodzi lokha, ndipo nthabwala yakhalamo: mlonda wa golo wawoloka mtsinje, zinthu zikubedwa. Aliyense wa ku East Bank kapena ku Chiromo amene anadikirapo bwato lili tsidya lina akuimva popanda womufotokozera.

Chovomera chisasinthe nyimbo yonse. Chisapitirire maphatikizo 6 kapena 7, ndipo chithere pa a, e kapena o, malembo otsegula pakamwa amene amafika kutali. I ndi u amatsekera mawu m'kamwa. Ufulu wonse wosintha ndi wa woyambitsa. Iye akhoza kulowetsa dzina la mudzi, nambala ya jezi, chimene changochitika kumene, bola maphatikizo akwane. Mwana wa sitandade 1 akalephera kulandira atamva kawiri, chovomeracho n'cholemera.

Chachiwiri chimene chimapha nyimbo ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu. Chichewa, Chimang'anja chomwe, chimasiyanitsa matanthauzo ndi kamvekedwe: "mtengo" wa m'tchire ndi "mtengo" wa pamsika amalembedwa mofanana koma satchulidwa mofanana, chimodzimodzinso "khungu" la pathupi ndi "khungu" la maso. Chuni chikamakwera pamene liwu limatsika, omvera amazindikira tanthauzo lake kuchokera m'nkhani, koma amamva kuti pena pake pakulakwika, ndipo salandira ndi mtima wonse. Muyeso wake ndi wosavuta. Yankhulani mzerewo mokweza katatu ngati mukuitana munthu kudimba, kenako ung'ung'udzeni popanda mawu. Chimene chatuluka chifanizeni ndi chuni chanu. Pamene zasemphana, sinthani liwu, osati chuni, poti chuni ndi cha khamu.

Palinso kukoka. Kumapeto kwa chiganizo timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: timati "kutsiidya", sitinena "kutsidyaa". Chuni chobwereka ku nyimbo za kunja chimakonda kukoka phatikizo lomaliza, ndiye mawu athu amamveka ngati akuimbidwa ndi mlendo. N'chifukwa chake nyimbo zathu zadzaza ndi "e", "ye", "de" kumapeto. Si zodzazira malo: kaliwu kameneka ndi kamene kamasenza kukokako, liwu lenileni n'kutsala ndi maonekedwe ake.

Mawu ochokera m'dambo

Nyimbo yonena kuti "timu yathu ndi yabwino, tipambana" ikhoza kuimbidwa ku Karonga, ku Lusaka, kulikonse, ndiye ilibe mwini. Zokhalitsa zimatenga zifanifani pakhomo. Womwetsa zigoli woterera ndi mlamba. Otchinga kumbuyo olimba ndi mono: nsomba imalowa, kutuluka ayi. Wapagolo wofooka ndi ukonde umene ng'ona yadutsamo. Timu yotopa chigawo chachiwiri ndi nzimbe yotafunatafuna. Timu imene yangotola chigoli chimodzi chamwayi yadya nyika, chakudya cha chaka cha njala chimene anthu amachizula m'madzi momwe muli ng'ona. Mlendo samva zonsezi, ndipo kusamvako ndi gawo la kukoma kwake.

Kusakaniza Chisena ndi Chimang'anja ndi chida china. Mzere ukakana m'chiyankhulo china, umalola m'chinzake, ndipo "pinthu" m'malo mwa "zinthu" amauza aliyense kuti gululi ndi la kuti. Liwu ngati "takhuta" limaluma pawiri: kwa Msena ndi kuthokoza, kwa wa kumtunda ndi mimba yodzaza. Kuliimbira timu yogonja pambuyo pa zigoli zinayi ndi ulemu ndi chipongwe nthawi imodzi, ndipo palibe angakugwire pakamwa.

Luso lagona pamenepo. Nyimbo ya pamtondo inkadzudzula mwamuna waulesi kapena apongozi olongolola popanda kutchula dzina, mudzi wonse n'kumva, wolakwa n'kusowa poyambira mlandu. Pabwalo lamulo ndi lomwelo: sekani chochitika, musaseke chibadwa. Kuphonya penate n'koseketsa. Mayi a munthu, chilema chake, mtundu wake kapena mphekesera ya ufiti, zimenezo ndi zomwe zimasandutsa fainolo ya bonanza kukhala mpikisano wa miyala, woimbira n'kuthawira m'nyumba ya aphunzitsi. Woyambitsa wanzeru amaona nkhope za mbali inayo, ndipo zikayamba kuuma amatembenuzira nyimbo kotamanda osewera ake.

Mayina a osewera amakalamba msanga. Pa 11 Januwale 2010 Flames inathira Algeria zigoli 3 kwa 0 ku Luanda, ndipo pa 25 Januwale 2022 Gabadinho Mhango anaponya bomba lakutali lija m'golo la Morocco ku Yaoundé, ngakhale Malawi inagonja 2-1. Masiku ngati amenewa amabala mizere paliponse pamene pali wailesi kapena kanema. Imene imatsala ndi yokhala ndi mpata wa dzina umene ungalandire dzina lina. Pomanga mzere, dzina liikeni pamalo a maphatikizo atatu kapena anayi, kuti chaka chamawa mnyamata wina wa pa Sorgin kapena pa Tengani adzalowemo.

Ng'oma ndi mtunda

Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Bwalo la mpira ndi lotalika mamita pafupifupi 100, kutanthauza kuti a kugolo linalo amamva ng'oma yanu patapita gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi. M'nyimbo yothamanga, kuchedwa kumeneku kukuyandikira kugunda kwathunthu. Ndiye chifukwa chake kuyesa kuimbitsa bwalo lonse pamodzi, ngakhale pa Kalulu ku Nchalo, kumathera m'phokoso, mbali iliyonse ikuganiza kuti inzake ndiyo ikuchedwa. Ng'oma ikhale pakati pa gulu, oimba asatalikire kuposa mamita 15 kapena 20, ndipo ngati mukufuna mbali ziwiri ziimbe, zilandizane ndi mpata wautali pakati. Vuvuzela, imene inafala ndi World Cup ya 2010 ku South Africa, ili ndi liwu limodzi ndipo imakwirira woyambitsa. Ilire pachigoli basi.

Ng'oma ya chikopa imamvera nyengo. Poikunga, chikopa chimaviikidwa m'madzi usiku wonse, chimakokedwa pakamwa pa ng'oma, ndipo zikhomo zimakhomedwa moyang'anizana: ichi kuno, chinzake tsidya, kenako m'mbali, monga momwe amamangira manati a tayala. Wokhoma mozungulira mbali imodzi amapeza chikopa chapendekeka, kwina kolimba kwina kolefuka. Iume pamthunzi masiku awiri kapena atatu. Padzuwa la kuchigwa chikopa chimauma mothamanga n'kung'ambikira pazikhomo. Kutentha kumakweza liwu, chinyezi chimalitsitsa. M'mawa wa mwezi wa Juni kapena pambuyo pa mvula ng'oma imafuna kuwambidwa pamoto wa udzu, poitembenuza ndi kuigogoda mpaka liwu litakwera. Masana a Okutobala vuto ndi losiyana: ikasiyidwa padzuwa imalira ngati chitini, mwinanso kuphulika. Ivundikireni ndi chitenje pa nthawi yopuma.

Phula lomatidwa pakati pa chikopa limalemeretsa chikopacho, liwu n'kutsika. Umu ndi momwe oimba likhuba amachunira ng'oma zawo zingapo kuti iliyonse ikhale ndi liwu lake, mpaka mmodzi n'kumaimba chuni chenicheni pa ng'oma zokhazokha. Yambani ndi kachidutswa kochepa ngati nsawa, mukafwafwaze ndi chala, mumve, muwonjezere. Lochuluka limapha kulira. Pakatentha phula limafewa n'kuyenderera mbali imodzi, choncho limafuna kubwezeretsedwa pakati. Chigubu cha pulasitiki chilibe mavuto onsewa, n'chifukwa chake chalanda mabwalo ambiri, koma chili ndi mawu awiri okha, pakati ndi m'mphepete.

Valimba, bangwe ndi vuto la kiyibodi

Amene akufuna kuona kulandizana kuja kutalowa m'chida, akaime pafupi ndi valimba. Ndi mbale za mtengo wouma bwino, monga mlombwa, pafupifupi 20, zoyalidwa kuyambira yaikulu mpaka yaing'ono, ndipo pansi pake pamalendewera zikho. Anthu atatu amaimba chida chimodzi: wa mawu aakulu amagwira maziko, wapakati amanyamula nyimbo, wa mawu aang'ono amalowetsa zake m'mipata ya anzake. Pambali pamakhala kang'oma kotchedwa gaka ndi nkhocho. Palibe mwa atatuwa amene akuimba nyimbo yonse. Imene mukuimva imabadwa pamene manja asanu ndi limodzi alukana, monga minsi itatu mumtondo umodzi.

Kuchuna mbale ndi kusema. Mukapala pansi chapakati, mbale imafewa ndipo liwu limatsika. Mukapala kunsonga, liwu limakwera. Palani pang'ono, gogodani, mverani, chifukwa chimene chachoka sichibwerera, ndipo mbale yopalidwa mbali zonse mobwerezabwereza imathera kukhala nkhuni. Chingwe chomangira chidutse pamalo pamene mbale sinjenjemera, pang'ono kupitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a utali wake kuchokera kunsonga iliyonse. Powapeza malowa, wazani utuchi kapena mchenga wosalala pambale n'kuigogoda: utuchi umasonkhana pomwepo. Kuboola pena kumatsamwitsa liwu. Chikho nacho chiyenera kugwirizana ndi mbale yake, chachikulu ku mawu aakulu. Pambali pake amaboola kabowo n'kumatapo kansalu koyera ka kangaude, kapena masiku ano kapulasitiki kopyapyala, kamene kamapereka kunzerezera kuja. Valimba ikangoti zii osanzerezera, musathamangire kusema mbale: kawirikawiri ndi kansaluko kamene kabooka kapena kulefuka, kapena chikho chang'aluka.

Bangwe ndi wa munthu mmodzi, ndipo ndiye mtolankhani wakale wa moyo wa tsiku ndi tsiku: ngongole, mitala, mtengo wa thonje, ulendo wa ku Joni. Ndi thabwa lotalika pafupifupi theka la mita, lokhala ndi mabowo mbali zonse ziwiri, ndipo waya mmodzi amalowa ndi kutuluka m'mabowomo mpaka kupanga nsambo 7 kapena kuposerapo. Timitengo tiwiri topingasa timakweza nsambozo, ndipo nsonga ya thabwa imalowa m'chitini kapena m'chikho chokhomedwa zitsekerero za mabotolo. Poti waya ndi mmodzi, mukakunga nsambo imodzi zoyandikana nazo zimasuntha. Amayamba kukunga kuchokera mbali imodzi kupita inayo, kenako amamalizitsa ndi tizidutswa ta mtengo pansi pa nsambo iliyonse. Wongoyamba kumene amathera tsiku akuthamangitsa nsambo imodzi, inzake ikuthawa.

Tsopano nali vuto limene lawononga nyimbo zambiri zojambulidwa m'masitudiyo aang'onoang'ono. Wim van Zanten, wofufuza wa ku Netherlands amene anayeza zida za Asena kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anaonetsa kuti kachunidwe kake kamagawa mtunda wochoka pa do kufika pa do wapamwamba m'masitepe 7 pafupifupi ofanana. Akatswiri amaugawa mtundawu m'timagawo 1200 totchedwa masenti, choncho sitepe iliyonse ndi pafupifupi 171. Pa kiyibodi masitepe ndi osafanana: asanu a 200 ndi awiri a 100. Tiwerenge limodzi. Kuwerenga kuchokera pa liwu loyamba, liwu lachinayi la valimba lili pa 514, fa wa kiyibodi ali pa 500. Lachisanu lili pa 686, so ali pa 700. Awa ndi oyandikana, khutu limalola. Koma lachitatu lili pa 343, pamene mi ali pa 400 ndipo wotsika wake ali pa 300. Lagwera pakatikati, ndipo palibe batani la kiyibodi limene lingagwirizane nalo.

Wojambula wosadziwa izi amati valimba ndi yosachunidwa, n'kuikonza pa kompyuta kapena kuuza mwini wake aseme mbale. Zotsatira zake ndi marimba wamba. Njira yabwino ndi kuisiya valimba itsogolere. Gitala ya besi ichunidwe ndi khutu potsatira mbale yaikulu, iziyenda pa liwu loyamba, lachinayi ndi lachisanu. Kiyibodi isagwire makodi athunthu okhala ndi mi. Woimba ajambulidwe akumva valimba m'makutu, osati kiyibodi. Ndipo kunzerezera kwa zikho kusachotsedwe ngati phokoso. Pojambula ndi foni pabwalo kapena pamwambo, imani mamita atatu kapena anayi kuchokera pa ng'oma, chakumbali kwa woyambitsa. Mukayandikira ng'oma foni imadzaza n'kumeza mawu onse.

Ubwino wina wa masitepe ofanana ndi woti nyimbo ikhoza kuyambira pa mbale iliyonse osasintha maonekedwe. Mawu a woimba akasasa pakati pa usiku, gulu limangosunthira pansi mbale imodzi, gule n'kumapitirira.

Mlakatuli pa nthawi yopuma

Ndakatulo pafainolo ya chikho imapatsidwa mphindi zochepa mwa 15 za kupuma, ndipo imalimbirana ndi zolankhula za alendo olemekezeka. Werengerani mphindi zitatu. Mzere umodzi ndi kupuma kwake umadya masekondi anayi kapena asanu, ndiye mizere isapitirire 40. Alakatuli ambiri amataya 15 yoyamba polonjera mafumu ndi kutamanda wogula chikho, ndipo pofika pankhani yeniyeni anthu apita kukagula zitumbuwa. Ulemu ukwane m'mizere iwiri.

Kufananitsa mathero a mizere m'Chichewa ndi kotchipa. Liwu lililonse limathera pa lembo la liwu, malembowo ndi asanu okha, ndipo aneni ochuluka amathera pa a. Kulemba mizere 10 yothera pa "-ana" si luso, ndi galamala. Mphamvu ya ndakatulo yolakatulidwa ili pa kubwereza, pa kuyala mizere yofanana mapangidwe, pa mvekero (mpira kuti *thi* pamtengo wa golo, bwalo kuti *zii*), ndiponso pa kulumikiza, pamene liwu lomaliza limatsegula mzere wotsatira. Nachi chitsanzo chathu, chotengera zimene chigwa chinaona mu Januwale 2015, mu 2019, pa namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, pamene sukulu zambiri zinasanduka misasa ya othawa madzi:

Madzi anatenga mudzi,
mudzi unatenga bwalo,
bwalo linavala mahema,
mahema atapita linatsala fumbi,
fumbi ndi ili, anyamata, lipondeni.

Kulumikizaku kumathandiza pawiri. Mlakatuli saiwala, poti mzere uliwonse wagwira dzanja la unzake, ndipo womvera amene mphepo yamulanda mzere umodzi amaupezanso mu wotsatira. Ikani chovomera chimodzi chobwera pakatha ndime iliyonse, khamu lidzachilandira monga limachitira ndi nyimbo. Maikolofoni ikhale patali ngati kutambalala kwa chikhatho, chapambali pang'ono pa mlomo, chifukwa ph, th ndi kh athu amatulutsa mpweya umene umaphulitsa chimkuzamawu. Pepala ligwireni ngati chokumbutsa chabe. Maso akakhala papepala, mawu amapita pansi.

Penti ndi dzuwa

Ojambula a m'misika ya Nchalo, Ngabu ndi Bangula ndi amene amaika mpira pamakoma: nkhope ya wosewera pamalo ometera, chizindikiro cha timu pakhomo la vidiyo sho, mwambi kumbuyo kwa ngolo kapena pachotchingira matope cha kabaza. Pokuza chithunzi amachigawa m'timabokosi, mwachitsanzo ta masentimita 2, n'kujambula pakhoma mabokosi a masentimita 20 ndi choko, kenako kukopera bokosi ndi bokosi. Wodumpha sitepe imeneyi ndi amene amatipatsa Messi wofanana ndi amalume a winawake.

Adani a chithunzi kuno ndi atatu. Woyamba ndi pulasitala wamuwisi: amafuna milungu inayi kuti aume, ndipo penti ya oyilo yopakidwa msanga imatupa n'kusupuka. Wachiwiri ndi mchere. Madzi a m'zitsime ndi m'mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje ndi amchere, ndipo khoma lomangidwa nawo, kapena lokoka chinyezi pansi, limatulutsa ufa woyera umene umakankha penti. Ufawo uchotsedwe ndi bulashi youma, osati madzi, pakhale penti yoyambira, ndipo chithunzi chiyambire pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi. Wachitatu ndi dzuwa. Khoma lotentha limaumitsa penti pamwamba pansi pakadali pofewa, n'kuchita makwinya, choncho ntchito ichitike m'mawa 9 koloko isanakwane. Kusungunula penti ndi palafini wambiri pofuna kuti ikwane kumaisiya yofiirira ndi yochedwa kuuma, fumbi n'kumatirira.

Mwa mitundu yonse, yofiira ndiyo imafulumira kufwifwa, makamaka ya penti yotsika mtengo. Pakhoma loyang'ana kumadzulo lopanda khonde, jezi ya Bullets, Flames kapena Liverpool imasanduka yotuwira pamene yabuluu ya Wanderers kapena Chelsea pambali pake ikadali yowala. Wojambula wodziwa amapaka chofiira kawiri, amachiika mbali ya mthunzi wa denga, ndipo amamuuziratu mwini shopu kuti adzafunika kubwereza.